Chitseko cha Pansu

Ulsan,
14 Malichi 1976

Wokondedwa mlongo wanga Malsun,

Moni kuchokera kuno ku Ulsan. Muli bwanji nonse kuchilumbako? Amayi miyendo ija ikuwalola kupita kumunda? Nanga abambo ayamba kupita panyanja, kapena mphepo ikadali yozizira? Ine ndili bwino, kungoti khutu lakumanja likulira ngati muli njuchi chifukwa cha phokoso la m'fakitale.

Kalatayi uwawerengere onse awiri, ndipo uwerenge mokweza, osati kung'ung'udza kuja umachita. Galimoto ija yatuluka! Yathuyathu ya dziko lino, osati zija tinkangolumikiza zidutswa zochokera kwa azungu. Tsiku lomwe yoyamba inatsika pamzere, amuna akuluakulu analira ngati ana. Kapitawo wathu, munthu amene sindinamuonepo mano, anandikumbatira mpaka chisoti changa kugwa. Paja akunja ankatiseka, amvekere dziko lolephera kupanga njinga yabwino lipanga bwanji galimoto? Chabwino, pa injini atithandiza a ku Japan, koma manja ndi athu.

Ntchito yanga ndi chitseko chakumbuyo, mbali yakumanzere. Usaseke. Ndimachipachika, kuchilinganiza, kenako kuchitseka uku ndikutchera khutu. Chikakhala bwino chimangoti thi! Chikati phwa, ndiyambirenso.

Ndikudziwa kuti abambo sanandikhululukire posiya bwato lawo. Mwana wamwamuna mmodzi yekha, kuthawa nyanja kukamanga mabawuti. Koma uwauze izi: tsiku lina ndidzabwera ndi galimoto yangayanga, ndidzawakweza, ndipo tidzalunjika kumpoto mpaka pamalire pomwe asilikali akatiimitse. Akaone ngakhale mapiri okha a mbali ya kwawo, komwe anathawa pa sitima ya pamadzi nthawi ya nkhondo.

Amayi anditumizireko usipa wouma ndi kimichi, kabichi wowawasa wa tsabola uja. Wa m'kantini muno ndi madzi okhaokha.

Ndine mchimwene wako,
Pansu

Geoje,
2 Meyi 1976

Okondedwa achimwene,

Landirani moni kuchokera kwa tonse. Ife tili bwino, kupatula miyendo ya amayi yomwe imadziwa za mvula mvulayo isanabwere. Kaya inu ndi khutu lija?

Pepani pochedwa kuyankha. Wapositi adasiya kalata yanu kusitolo, ndipo mkazi wa mwini sitolo adaiiwala pansi pa bokosi la sopo. Nditaipeza ndidawerenga mokweza monga mudanenera, moti anansi adabwera kudzaima kumpanda. Amayi adandiuza kuti ndibwereze pa "manja ndi athu" paja, akupukuta misozi ndi nsonga ya siketi.

Abambo anali pakhonde akusoka ukonde, ngati sakumva. Koma nditafika pa za kumpoto, singano idaima. Idaima nthawi ndithu. Kenako adati, "Chitseko chimodzi basi? Nanga zitatu zinazo akupanga ndi ana a yani?" Adanyamuka nkupita kudoko. Amayi akuti zimenezi ndisalembe, koma ndalemba.

A boma akuti nyumba zonse tichotse udzu tifolere malata chaka chino chisanathe. Mukanatithandizako zikanatipepukira. Usipa ndapatsira mwana wa a Yun amene akubwera kumeneko kudzafuna ntchito. Kimichi wakana, akuti amununkhitsa m'basi atsikana akuona.

Ndine mlongo wanu,
Malsun

Geoje,
11 Sepitembala 1977

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji? Kuno tonse tadzuka, ndipo malata aja sakudontha, kungoti mvula ikamagwa sitimvana.

Nkhani yaikulu ndi yoti galimoto yanu yafika pachilumba pano! A Ban, aja ankayendetsa lole ya madzi oundana, agula imodzi yobiriwira nkuisandutsa takisi. Imaima pamsika wa Jangseungpo, ndipo ana amaizungulira tsiku lonse kudziyang'anira pagalasi, a Ban nkumawathamangitsa ndi kansalu kopukutira.

Tsiku la msika lapitali abambo adavala malaya oyera aja amavala pa nsembe ya makolo, nkutuluka osauza munthu komwe akupita. Dzuwa litapendeka tidangomva hutala panja. Tituluke, takisi ili pakhomo pathu, abambo ali kumbuyo, tsonga, ngati nduna! Mudzi wonse udakhamukira kwathu. Ndiye tamvani. Akuti atsike, chitseko chakana. Akoka, akankha, ayi ndithu. Mapeto ake adakwawa pampando nkutulukira mbali inayo, chipewa chitapindika. Agogo a kwa a Yun adaseka mpaka mano oikirira kugwera m'dothi.

Atalowa m'nyumba adangoti, "Umulembere mchimwene wako. Umuuze kuti chitseko chake chija sichitseguka." Ndiye ndakulemberani. Ife tikusekabe mpaka lero.

Kodi pa Chuseok, chikondwerero cha zokolola, mufika tsiku liti? Amayi anyika kale mpunga wa timakeke tanu tija.

Mlongo wanu,
Malsun

Ulsan,
20 Sepitembala 1977

Malsun,

Moni. Ndili bwino. Kalata yako ndaiona.

Sekani ndithu. Ine kuno ndimaimirira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, manja ali matuza okhaokha. Zitseko zathu zikutseguka ku South America, zikutseguka ku Arabia, koma zafika pakhomo pa bambo wanga ndiye zakana. Munthu wosagula ngakhale nsapato, kulolera kulipira takisi kuti angopeza pondinyozera!

Pa Chuseok sindibwera. Pali magalimoto otumiza kunja, tikugwira ndi masiku atchuthi omwe. Ndatumiza kangachepe ka amayi. Pa nsembe ugwade m'malo mwanga.

Pansu

Geoje,
17 Julayi 1983

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife tili bwino. Bambo a Mija akuwotchererabe zitsulo kopangira sitima, ndipo Mija wayamba kuyankhula, pakamwa ngati mayi wake.

Achimwene, zaka zonsezi mumabwera ngati mlendo, kugona kamodzi nkubwerera. Inu ndi abambo kukhala chipinda chimodzi koma kuyankhulana kudzera mwa amayi: "Muuzeni adye." "Auzeni ndakhuta." Mudzatopa liti?

Nanunso muyenera kuti mukuonera zomwe zili pa wailesi yakanema, anthu olekanitsidwa ndi nkhondo atanyamula zikwangwani, kufunafuna abale awo. Abambo asiya kupita panyanja. Amangokhala patsogolo pa kanema kuyambira m'mawa, mphuno pagalasi, poti maso ayamba kuvuta. Dzana adandiuza kuti ndilembe pa katoni mawu awa: "Seol Boksil, wa ku Hamhung. Tidalekana padoko la Hungnam ali ndi zaka khumi ndi ziwiri." Ine kukamwa yasa. Kukula konseku osadziwa kuti tili ndi azakhali! Katoniyo adaiyedzamiritsa kukhoma, palibe komwe apita nayo.

Dzulo tikudya adati, "Tamufunsa mchimwene wako ngati galimoto yake ija adamaliza kupanga." Ine ndikuona ngati akufuna muwaperekeze ku Seoul komwe akujambula anthuwo, koma pakamwa pakulemera. Muganizepo.

Mlongo wanu,
Malsun

Ulsan,
1 Ogasiti 1983

Wokondedwa Malsun,

Moni kwa iwe, alamu ndi kamwanako. Kuno mwana wathu Jihun ali ndi chikuku koma chikutha.

"Ngati adamaliza kupanga." Iwe ukumva pempho, ine ndikumva chipongwe chomwe chija, angochiveka malaya ena. Abambo akudziwa bwino kuti ndilibe galimoto. Tikukhala anthu anayi m'chipinda chimodzi cha lendi. Utabwera m'mawa udzaone: msewu wopita kufakitale umadzaza njinga zokhazokha, amuna zikwizikwi opanga magalimoto tikupalasa. Galimoto ikatipeza imatiimbira hutala kuti tipatuke, chonsecho chitseko chake ndinapachika ndine.

Tchuthi ndapempha, andikaniza. Akuti wojomba asabwerenso. Ndaika ndalama ya sitima ya pamtunda ya anthu awiri, alamu awaperekeze ku Seoul.

Kanemayo timaonera kwa eni nyumba. Pakaoneka mayi wachikulire wa mphumi yotakata ngati ya abambo, ndimapezeka ndaimirira. Za azakhaliwo nanenso sindinkadziwa.

Mchimwene wako,
Pansu

Ulsan,
27 Sepitembala 1987

Wokondedwa Malsun,

Moni nonse. Amayi ali bwanji? Uwauze asiye kudandaula, mutu wanga uli wamphumphu, sindinamenyedwe kapena kumangidwa.

Sitalaka yatha. Mlongo wanga, zomwe ndaona chilimwe chino sindidzaiwala. Tinatuluka tonse, mafakitale onse a mzinda uno, msewu kudzaza osaona pomwe anthu athera. Amayi ogulitsa mumsika ankatimwetsa madzi m'mabeseni. Alonda apageti aja ankatidula tsitsi ndi sizasi likatalika pang'ono, lero akutipatsa moni. Ndikusunga tsitsi, mlamu wako akuti ndikuoneka ngati wakuba.

Malipiro akwera. Galimoto yatsopano sindingaikwanitse ana ali pasukulu, koma yakale ndikhoza. Ukamva wogulitsa undiuze. Ndikanakonda mtundu woyamba uja. Anasiya kuupanga, pano tikupanga ina yosalala yopita ku America. Ndi yabwino kuposa ija, sindikana, koma sindiimva mumtima. Ija tinkaidziwa bawuti iliyonse ngati mano a m'kamwa mwathu.

Ndalama ya sitima ija abambo anaibweza m'envelopu yomweyo osalembapo kanthu, ndiye za iwo sindifunsa. Koma chifuwa chawo unkanena pa foni chija chikupitirirabe?

Pansu

Geoje,
8 Meyi 1988

Okondedwa achimwene,

Moni kwa inu, alamu ndi ana. Khalani pansi muwerenge bwino, chifukwa ine chimvereni nkhaniyi mtima sunakhazikike.

Ndidamva kuti a Ban apuma pantchito ndipo takisi yakale yobiriwira ija ili kuseri kwa nyumba yawo, ataifunditsa lona. Ndidapitako kukafunsa. Atangondiona adati, "Mwana wa a Seol! Wabwera kudzatenga mkazi wachiwiri wa bambo ako?" Ine ndidati, "Mukunena chiyani, bambo?" Iwo kudabwa kuti sindikudziwa.

Achimwene, chitseko chija sichidali ndi vuto. A Ban adachikhoma dala, monga achitira a takisi onse, kuti anthu asamatsikire mbali ya msewu. Tsiku lija adawauza abambo kuti akhale kumanja, iwo nkukana, amvekere, "Mbali ino ndi ya mwana wanga." Poti a Ban adali atafa ndi phwete, sadawafotokozere. Tsiku la msika lotsatira abambo adapitanso, nkuwagwira pakhosi: "Mwachitani chitseko cha mwana wanga?" Atawaonetsa, adalamula kuti achimasule pomwepo. Ndiye akuti adayamba kutsegula, kutseka, kutsegula, kutseka, khutu ali tcheru, mpaka a Ban adati, "Madala, mundithera mahinjesi!"

Kuyambira pamenepo, tsiku lililonse la msika ankakwera, ngakhale kuchoka pamsika kukafika padoko pomwe mwana amayenda pansi. Wina akakwera nawo ankamuuza kuti, "Tatsekani mumve. Mwamva? Ndi mwana wanga ameneyo." Ife tinkayesa ndalamazo zikuthera ku mowa wa soju!

Chaka cha kanema chija adawafunsa a Ban ngati galimotoyo ingafike ku Seoul. Iwo adati ifika, tiyeni mawa, mafuta okha mugule. Abambo adaganiza, kenako adati, "Iyayi. Pali amene adalonjeza kundikweza. Ndimudikira."

Nditafika kunyumba ndidawafunsa ndikulira: "Bwanji osamuuza?" Adangoti, "Adandifunsa?" Mudafanana inu awiri, mitu ngati miyala ya padoko.

Maso a abambo atsala pang'ono kutheratu, ndipo adokotala ku Masan akuti mapapo sali bwino. A Ban akuti galimotoyo sagulitsa kwa wina aliyense koma inu.

Mlongo wanu,
Malsun

Ulsan,
16 Okutobala 1988

Wokondedwa Malsun,

Moni. Galimoto tinafika nayo bwino pa lole. Ukundinena kuti ndinabwera nkubwerera osanena kanthu kwa abambo. Ndinayesa. Ndinakhala nawo pakhonde, mawu ali pakhosi penipeni, koma chomwe chinatuluka ndi chakuti, "Usipa ukugulidwa bwanji chaka chino?" Iwo anati, "Watsika." Basi.

Ndidzanena kudzera m'galimotoyo. Lamulungu lililonse anzanga a pamzere amabwera, ndi kapitawo wathu wakale yemwe, ndi ndodo yake, kudzatikalipira ngati kale. Pansi pake padyeka ndi mchere wa kunyanja, rediyeta ikudontha, ndipo zipangizo tikuchita kusaka kotayira magalimoto. Ndikufuna ndiipakenso penti, aione ngati mmene inatsikira pamzere.

Tamva ichi. Nditatsegula m'kati mwa chitseko chija ndinapeza chizindikiro cha choko chomwe timalemba tikamaliza. Si changa. Ndi cha mnzanga wa gulu lina, wadazi wina wochokera ku Mokpo. Anzanga anaseka mpaka kugona pansi. Ukawauza abambo, si iwe mlongo wanga.

Pansu

Geoje,
26 Febuluwale 1989

Achimwene,

Moni. Pentiyo mukupakira ndani? Abambo satha kusiyanitsa ine ndi amayi tikapanda kuyankhula. Lamba aboolanso bowo lina. Dzulo adafunsa ngati chipale chofewa chasungunuka ku msewu wa kumpoto.

Bwerani nayo mmene iliri.

Malsun

Sokcho,
10 Epulo 1989

Wokondedwa Malsun,

Moni kwa iwe ndi amayi. Ndikulemba m'mawa uno abambo akadali mtulo m'nyumba ya alendo. Mwina tidzafika kalatayi isanafike, koma ukundidziwa, pakamwa sindidzatha kufotokoza.

Unaona wekha mmene tinanyamukira, iwo kumbuyo kumanzere, katoni ija pamiyendo, ine kutsogolo ngati a Ban. Mpaka ku Pohang mawu anali awiri okha: "Ima" ndi "Tiye." Kupitirira apo msewu umatsata nyanja, ndipo anatsitsa galasi kuti azimva fungo lake. Pa chitunda china tisanafike ku Samcheok injini inatentha. Ndinatsegula boneti, nthunzi fuu, ine thukuta kamukamu, kudikira kuti anena chiyani. Anatsika, napapasa mpaka kupeza botolo, nati, "Mtsinje ndikuumva kumanzereku. Katunge. Ngakhale bwato limapuma."

Kuno ku Sokcho ndinawatengera ku mudzi wa anthu a kwawo, aja anathawa nthawi imodzi ndi iwo. Mayi wogulitsa chakudya atangoti, "Takulandirani, khalani apa," abambo anauma thupi. Kenako anayankha. Malsun, sindinamvepo abambo akuyankhula chonchija! Lilime linasinthiratu, mawu okwera ndi kutsika, achangu, ngati mnyamata. Anatchulirana misika, milatho, mayina a aphunzitsi. Katoni inazungulira mudzi wonse. Palibe anamudziwa Boksil.

Titabwerera m'galimoto anandiuza okha, ine osafunsa. Anati, "Padoko paja ndidamuuza kuti agwire lamba wanga, asasiye zivute zitani. Anthu ankakankhana, ine ndikumva dzanja likukoka kumbuyo, mtima uli m'malo. Nditakwera m'sitima, nditembenuke, wogwira lamba adali mwana wa eni."

Dzulo tinapita kumalire. Msilikali woona mapepala anasuzumira nati, "Agogo, iyi ikuyendabe?" Abambo anati, "Idzakuika m'manda iweyo." Masitepe okwera pamalo oonera aja ndinachita kuwabereka. Apepuka, mlongo wanga, ngati mtolo wa ukonde wouma.

Ndinaponya khobidi m'makina oonera patali nkuwaika diso. Anayang'ana, kenako anati, "Ndi mkaka wokhawokha. Taona iwe, undiuze." Ndinawauza: mchenga woyera wautali, waya waminga, miyala yoima m'madzi, ndi mapiri osongoka kumbuyo kwake. Anafunsa ngati kuli anthu. Ndinati sindikuona. Anavula chipewa, nagwada kuyang'ana kumpoto, mphumi mpaka pansi, ine ndikugwada pambali pawo. Atadzuka anati, "Kuchoka pano kukafika ku Hamhung, iyi ingafike?" Ndinati, "Ingafike, abambo, bola tinyamule madzi ambiri." Anaseka mpaka chifuwa kuwagwira.

Pobwerera ndinawatsegulira chitseko chawo chija. Anaima, nati, "Kumbuyoku kwandikwana. Ukamayankhula sindikumva." Anazungulira akupapasa nkukhala kutsogolo, pambali panga. Tacheza njira yonse. Andifunsa mmene timapachikira chitseko, ndipo ndawafotokozera zonse, kuyambira pa bawuti yoyamba.

Tinyamuka akadya. Amayi aphike msuzi wa nsomba uja.

Mchimwene wako,
Pansu

Ulsan,
13 Sepitembala 1998

Wokondedwa Malsun,

Moni kwa iwe, alamu, Mija ndi amayi. Ndaona kuti ndilembe, poti pa foni ndimangoti eya, eya, iwe nkumayesa zonse zili bwino.

Ntchito yatha. Unamva kuti dziko lagwa m'ngongole ndipo magalimoto angodzaza pabwalo opanda wogula. Anati akuluakulu tipume mwaufulu kuti anyamata atsale, ine ndinasaina. Ndimadzukabe nthawi yomwe ija, kuvala, kenako kukhala pampando. Nthawi zina ndimapita kukaima pamlatho kuonera anzanga akulowa. Njinga zija kulibenso, aliyense ali ndi galimoto yake. Tinkalakalaka zimenezi, koma msewu uja unkakoma ndi mabelu.

Yobiriwira ija ndaganiza zoitaya. Chimwalirireni abambo, chilimwe cha chaka chomwe chija cha ulendo wathu chitangotha, ndangoiyendetsa popita kumanda kwawo basi. Anansi a pamdadada pano amamata timapepala pagalasi, akuti ikunyansitsa malo. Msonkho ukufunika, Jihun ali ku yunivesite. Wogula zitsulo wanena mtengo wosakwana ndi thumba la mpunga lomwe, koma abwera kudzaikoka mwezi wamawa. Ntchito yake inagwira.

Amayi usawauze za ntchitoyi, ndidzawauza ndekha pa Chuseok.

Pansu

Geoje,
18 Epulo 1999

Okondedwa achimwene,

Moni kwa inu ndi alamu. Kodi mukadali okwiya kuti ndidabwera kudzakulandani makiyi? Nkhope yanu tsiku lija, nditatulutsa laisensi m'chikwama! Mudati, "Iwe? Wagula kwa yani?" Sindidagule. Ndidalephera mayeso mpaka woyesayo adayamba kundifunsa za umoyo wa amayi, koma ndidakhoza.

Galimoto ili bwino. Ndimanyamulira nkhono za m'nyanja kupita nazo kumsika, moti fungo lake simungalikonde. Giya yachiwiri imafuna kuinyengerera. Mwana wa a Ban ali ndi galaja tsopano, ndipo akuti akusowa munthu wodziwa magalimoto akale. Sindikunena kanthu, ndangotchula.

Chomwe ndalembera ndi ichi. Sabata yatha amayi anali kuyanika tsabola pa boneti, poti ndiyo ntchito yomwe adaipatsa. Ndidawafunsa mocheza kuti, "Amayi, kodi inu mudakwerapo imeneyi?" Adati, "Adandiitana ndani?" Achimwene, ndidachita manyazi. Ndidati, "Lowani. Tikupita kuti? Kumalire komwe adapita abambo?" Adati, "Ndikatani kumalire? Kwathu ndi ku Hadong."

Zaka zonsezi nyumba yathu idangoyang'ana kumpoto, kwawo kwa abambo komwe kudatsekedwa ndi asilikali. Kwawo kwa amayi ndi ulendo wa m'mawa umodzi, palibe waya, palibe mfuti, koma adapondako komaliza pa maliro a agogo, ine ndili kumsana. Ndipo palibe mmodzi wa ife adafunsapo.

Adavala diresi la pa ukwati wanga, nkukhala kutsogolo atagwira chikwama ndi manja awiri. Njira yonse ankandilangiza: "Pang'onopang'ono! Lole iyo! Kodi adakupatsa laisensi uja ali ndi ana?" Koma titayamba kutsata mtsinje wa Seomjin adatembenukira kuwindo. Maluwa anali kuthothoka m'mitengo ya m'mbali mwa msewu, kugwera pagalasi. Kenako adayamba kuloza: apa tinkachapa, apo padali bwato lowolotsa anthu, uko ng'ombe idandithamangitsa.

Nyumba ya agogo kulibe, pali nyumba zapulasitiki zolimamo sitiroberi. Amayi adaima pamsewu osadziwa kolowera, ine nkuyamba kudandaula kuti ndawabweretseranji. Ndiye kudatulukira gogo wina wopindika msana, akukankha kangolo. Adatipitirira, nkuima, nkubwerera. Adawayang'ana amayi kuyambira kumapazi mpaka kumutu, kenako adakuwa: "Kotbun! Iwe Kotbun! Ukadali moyo, mfiti iwe?"

Ine ndidatembenuka kufuna kuona yemwe akuitanidwa. Ndidazolowera "amake Pansu," dzinalo ndimangoliona pa mapepala a kuchipatala. Koma amayi adaponya chikwama pansi nkuyankha, "Okja! Mano adapita kuti?"

Achimwene, miyendo ija takhala tikuidandaula m'makalata onsewa. Amayi adathamanga.

Tidagona komweko, ndipo sadandilole kuyankhula ngakhale kamodzi. Akuti tipitenso nthawi yokolola, ndipo inu mudzayendetse, poti ine ndimawaimitsa mtima. Mudzabwere ndi nsapato zolimba. Akuti pali phiri lomwe akufuna akakuonetseni.

Ndine mlongo wanu,
Malsun